Kugona m'phiri la Mulanje nthawi yachisanu: nyumba iti ikuyenera gulu lanu?

Mwezi wa Juni ukangolowa, magulu okwera mapiri a ku Blantyre, Zomba ngakhalenso Lilongwe amayamba kukambirana za ulendo wa ku Mulanje, ndipo sakulakwitsa. Mvula imakhala itatha, mitsinje itaphwera, miyala itauma, ndipo utsi wa moto wolusa umene umaphimba dziko mu Sepitembala ndi Okutobala umakhala usanayambe, kotero kuti munthu ali pamwamba amaona kutali kwambiri, mpaka kunyanja ya Chilwa. Ndakhala ndikukonza nawo maulendo a gulu lathu kwa zaka zingapo, ndipo chaka chilichonse zokambirana zimayambira pamalo olakwika. Wina amati tikafike pa Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse ya phirili, ena onse n'kuvomereza, kenako nkhani ya kogona imabwera pamapeto ngati yongowonjezera. Ine ndimaona kuti nyumba yogona ndiyo iyenera kusankhidwa poyamba, chifukwa ndiyo imalamula maola amene mudzayende, katundu amene mudzanyamule, ndalama zimene aliyense adzasonkhe, ndiponso kumene mudzathawire nyengo ikasintha.

Pamwamba pa Mulanje pali nyumba zogona pafupifupi khumi, zambiri mwa izo zili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za nkhalango, imene aliyense kumeneko amangoitchula kuti a Forestry, mothandizana ndi bungwe la Mountain Club of Malawi. Pano ndiyerekeza zimene gulu lingafikeko pa wikendi imodzi kapena m'masiku atatu: Chambe, Lichenya pamodzi ndi nyumba ya CCAP, Chisepo, Sombani, komanso njira ina imene ambiri amainyoza, yogona m'munsi n'kumakwera masana okha.

Zoyenera kuyeza musanasankhe

Muyeso woyamba, umene uli pamwamba pa ina yonse, ndi wa dzuwa. Mu Juni ndi Julayi ku Mulanje kumacha cha m'ma 6 koloko ndipo dzuwa limalowa itangopitirira 5 koloko madzulo, choncho muli ndi maola pafupifupi 11 okha a kuwala. Maolawo muziwerengera pa liwiro la munthu woyenda pang'onopang'ono kuposa onse m'gulu lanu, osati pa liwiro la anyamata awiri amene amathamanga m'mawa uliwonse. Gulu la anthu khumi ndi awiri limachedwa kuposa la anthu anayi ngakhale onse atakhala amphamvu, chifukwa wina amamanga nsapato, wina akufuna chithunzi, wina wapita kuseri kwa mwala. Kumbukiraninso kuti wikendi ya anthu apantchito si masiku atatu. Mukaweruka Lachisanu madzulo, chimene mungathe n'kufika ku Likhubula, m'tsinde mwa phirili, n'kugona, kukwera Loweruka, kutsika Lamulungu. Umenewo ndi usiku umodzi wokha m'phiri.

Wachiwiri ndi chisanu. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, ndipo nyumba zambiri zili pamtunda wa mamita oyandikira kapena kupitirira 2,000. M'miyezi imeneyi si zachilendo kudzuka m'mawa n'kupeza udzu utayera ndi chisanu. Choopsa kwambiri komabe ndi chiperoni, mphepo yozizira ndi yachinyezi yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Ikafika imabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza imene imatha kukhala masiku awiri kapena atatu, ndipo munthu saona ngakhale mnzake amene ali masitepe khumi patsogolo pake.

Pa njira iliyonse ndiona zinthu zinayi. Mtengo ndi ndalama zolowera m'nkhalango, zogonera munthu aliyense pa usiku, za gaidi ndi onyamula katundu zimene zimawerengedwa pa tsiku, za galimoto, ndi kangachepe koyamikira mlonda wa panyumba. Mitengo yake imasintha kawirikawiri monga zilili ndi zonse masiku ano, kotero mufunse ku ofesi ya Forestry ku Likhubula sabata imene mukunyamuka. Chofunika apa n'kudziwa chimene chimakweza mtengowo. Kapezekedwe ndi funso lakuti kodi mukafika mudzapeza malo, ndipo mudzafikako bwanji. Kusamalira ndi ntchito imene nyumbayo imafuna kwa inu, monga nkhuni, madzi, kuphika ndi kusesa. Zoopsa ndi zimene zingakuchitikireni panjira kapena panyumbapo.

Pali zina zimene zili zofanana m'nyumba zonse za Forestry, ndipo ndizinene kamodzi. Mulibe magetsi, mulibe madzi a pampopi m'kati, chimbudzi n'chokumba ndipo chili panja, ndipo chakudya chonse mumanyamula nokha. Pamakhala mlonda amene amatunga madzi kumtsinje, kubweretsa nkhuni ndi kukoleza moto. Bungwe la Mountain Club limasunga ziwiya ndi zinthu zina m'chipinda chokiya, chimene amatsegula ndi mamembala ake okha, ndiye ngati m'gulu lanu mulibe membala, musadalire kuti mukapeza mapoto ndi mabulangete kumeneko.

Chambe Hut

Mtengo: Iyi ndi imodzi mwa njira zotsika mtengo, chifukwa ulendo wonse umatha m'masiku awiri ndipo mumayambira ndi kuthera pamalo amodzi, ku Likhubula. Galimoto mumaisiya pomwepo, ndipo gaidi ndi onyamula katundu mumawalipira masiku awiri okha. Gulu limene likufuna kusunga ndalama lingathe kunyamula lokha zovala ndi zofunda, n'kulemba anthu awiri kapena atatu onyamula chakudya ndi mapoto basi.

Kapezekedwe: Kuchokera ku Likhubula pali njira ziwiri zodziwika. Ya Skyline ndi yachidule koma yotsetsereka kwambiri, ndipo dzina lake linachokera ku chingwe chimene kale ankatsitsira matabwa kuchokera m'chigwa cha Chambe. Ya Chapaluka ndi yotalikirapo, imatsata mtsinje ndipo ili ndi mithunzi ndi madzi akumwa. Gulu wamba limatenga maola atatu kapena anayi, ndipo nzeru yabwino ndi kukwerera njira imodzi n'kutsikira inayo. Vuto lake ndi lomwelo limene limaikometsa: popeza ndi yapafupi, aliyense amapita kumeneko. Nyumba za Forestry sizikhala za gulu limodzi lokha, ndipo mukhoza kufika n'kupeza ana asukulu kapena alendo akunja atayala kale pansi. Samalani makamaka ndi wikendi yoyandikana ndi tchuthi cha pa 6 Julayi, komanso tsiku la mpikisano wa Porters Race, umene umachitika kawirikawiri mu Julayi ndipo othamanga ake amadutsa ku Chambe ndi ku Lichenya. Pafupi pali kanyumba kena kotchedwa France's Cottage, ndipo ndi bwino kufunsa za iko pamene mukulembetsa.

Kusamalira: Nkhani yaikulu kuno ndi nkhuni. Chigwa cha Chambe chinali chodzaza ndi mitengo ya paini imene inabzalidwa kalekale, koma inadulidwa, mwa zina chifukwa inkafalikira n'kulanda malo a zomera zachilengedwe. Amene anafikako zaka makumi awiri zapitazo amadabwa akaona mmene paliri poyera tsopano. Nyamulani kasitovu ka gasi kuti muziphikira tiyi ndi phala, moto wa nkhuni ukhale wowotha ndi wophikira nsima yamadzulo yokha. Ndipo mlonda kapena wina aliyense akakupatsani nkhuni zonunkhira bwino za mkungudza, funsani kumene zachokera. Mkungudza wa Mulanje ndi mtengo wa fuko lathu, mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo odula mozemba anatsala pang'ono kuumaliza. Gulu lokonda mapiri siliyenera kukhala msika wawo.

Zoopsa: Njira yofikira kunyumbayi ilibe zoopsa zambiri kupatula mawondo kuwawa potsika Skyline. Chiyeso chili pa nsonga ya Chambe, ya mamita 2,557, imene imaoneka ngati ili pakhomo penipeni mukakhala pakhonde. Kuti mufike pamwamba pake mumakwawa pamiyala yosalala yopendekeka, malo ena pali phompho mbali ina, ndipo kutsika kumavuta kuposa kukwera. Mwalawo ukanyowa ndi chiperoni usayesedwe n'komwe. Munthu wamantha ndi malo okwera atsale panyumba, awothe dzuwa, ndipo pasakhale womunyogodola.

Lichenya Hut ndi nyumba ya CCAP

Mtengo: Lichenya Hut simasiyana kwenikweni ndi Chambe pa ndalama, chifukwa nayonso imatheka m'masiku awiri. Nyumba ya CCAP, imene ili pachidikha chomwecho ndipo ena amaidziwa ndi dzina lakuti Hope's Rest Cottage, ndi ya Sinodi ya Blantyre ndipo malipiro ake amapita kumpingo, osati kwa a Forestry, ngakhale kuti ndalama yolowera m'nkhalango mumalipirabe. Mukasankha kukwerera ku Likhubula n'kutsikira ku boma la Mulanje, muwonjezere ndalama ya galimoto yokutengani, komanso yobwezera onyamula katundu kwawo. Zimenezi magulu ambiri amaiwala, kenako mkangano umabuka pamsewu anthu atatopa.

Kapezekedwe: Lichenya Hut ndi yaikulu, ndipo pa nyumba zimene ndikuyerekeza pano ndi imene gulu la anthu ambiri lingakwanemo mosapanikizana kwambiri. Ulendo wake ndi wa maola anayi kapena asanu kuchokera ku Likhubula. Palinso njira ya Boma yochokera m'tauni ya Mulanje, yomwe ndi yowongoka ngati makwerero ndipo sindingailimbikitse kwa anthu olemedwa ndi zikwama. Ubwino wa nyumba ya CCAP ndi wakuti mumalembetsa pasadakhale kudzera ku malo a mpingowo ku Likhubula, ndiye mumanyamuka mukudziwa kuti malo alipo, koma ndi yocheperapo ndipo magulu a achinyamata a mumpingo amaifunanso nthawi ya tchuthi.

Kusamalira: Nyumba yaikulu imavuta kuitenthetsa. Moto umodzi sufikira zipinda zonse, ndipo amene agona kutali nawo amadzuka akudandaula. Apa ndi pamene anthu amaganiza zolowetsa mbaula yamakala m'chipinda n'kutseka mazenera, chinthu chimene chapha anthu ambiri m'nyumba zathu m'miyezi yozizira, chifukwa mpweya wa makala sununkha ndipo munthu amangogona osadzukanso. Ngati gulu lanu lilibe ma sleeping bag okwanira, bwerekani, kapena aliyense anyamule bulangete lochindikala, chipewa chaubweya ndi masokosi ouma ogonera okha. Chimene chimazizira kwambiri ndi pansi, ndiye choyala n'chofunika mofanana ndi chofunda.

Zoopsa: Chidikha cha Lichenya chili kumbali imene imalandira mvula yambiri, mbali yomwe ili ndi minda ya tiyi m'munsi mwake, ndipo nkhungu imafika kuno msanga. Ulendo wina tinanyamuka panyumba m'mawa kuli dzuwa kupita kukaona phompho limene amalitcha Crater, pomwe munthu amaona minda ya tiyi ili pansi ngati mphasa yobiriwira. Tikubwerera, nkhungu inakwera kuchokera m'phomphomo, ndipo pasanathe mphindi makumi awiri tinali titazingidwa. Pachidikha paudzu pali tinjira tambiri ta anthu otchera misampha ndi odula mitengo, ndipo m'nkhungu tonse timafanana. Gaidi wathu anatiimika, anatiuza kuti aliyense aziona chikwama cha amene ali patsogolo pake, ndipo iye ankayenda akuwerama kuyang'ana pansi. Mnzathu wina anali atavala jinzi ndi juzi yathonje, zonse zinanyowa, ndipo pofika panyumba ankanjenjemera mpaka kulephera kumasula zingwe za nsapato zake. Tinamuvula zonyowazo, kumukulunga m'mabulangete ndi kumupatsa tiyi wa shuga wambiri. Kuyambira tsiku limenelo, m'gulu lathu jinzi imatsala m'galimoto, ndipo aliyense amaonetsa jekete yosalowa madzi tisanayambe kukwera.

Chisepo Hut, poyambira ulendo wa ku Sapitwa

Mtengo: Pa njira zonse iyi ndi yodula kwambiri, osati chifukwa chakuti nyumbayo ili ndi mtengo wapadera, koma chifukwa cha masiku. Ulendo wochitika bwino umafuna masiku atatu m'phiri: loyamba kukwera mpaka ku Chisepo, lachiwiri kupita pansonga ndi kubwerera, lachitatu kutsika. Zimenezi zikutanthauza kugona kawiri, kulipira gaidi ndi onyamula katundu masiku atatu, ndi chakudya chochuluka chimene chimafunanso anthu ambiri ochinyamula. Gulu likapitirira anthu asanu ndi atatu ndi bwino kukhala ndi magaidi awiri, kuti wina akalephera panjira pakhale womubweza pamene ena akupitiriza.

Kapezekedwe: Nyumbayi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,200, m'tsinde mwa njira yopita ku Sapitwa, ndipo kuchokera ku Likhubula ndi ulendo wa tsiku lathunthu, maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo. Aliyense wofuna kufika pa Sapitwa amadutsa pano, choncho m'miyezi ya Juni mpaka Ogasiti, pamene alendo akunja amachuluka, imadzaza msanga. Ikadzaza, nyumba ina yapafupi ndi Thuchila, koma ili pa mtunda wa maola ena awiri kapena kuposerapo, ndipo umenewo si ulendo woyamba 4 koloko madzulo.

Apa ndiime pang'ono pa masamu amene magulu ambiri safuna kuwamva. Kuchoka ku Chisepo kufika pansonga ya Sapitwa, ya mamita 3,002, ndi kubwerera kumatenga maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri kwa gulu wamba. Kutsika kuchoka ku Chisepo kufika ku Likhubula ndi maola ena asanu. Mukaphatikiza zonse Lamulungu limodzi, mwamaliza kale maola 11 a kuwala, musanawerengere kudya ndi kupuma, ndipo mudzatsika malo otsetsereka kwambiri mumdima, miyendo itatheratu, kenako wina mwa inu ayendetse galimoto usiku kubwerera ku Blantyre. Alipo amene amachita zimenezi n'kubwera kudzadzitama kuntchito Lolemba, koma amakhala anthu awiri kapena atatu ozolowera, osati kalabu ya anthu osakanikirana. Ngati simungapeze Lachisanu lathunthu kapena Lolemba, Sapitwa si ya wikendi imeneyo.

Kusamalira: Pamalopa pali poyera ndipo mphepo imawomba mwamphamvu, mitengo ndi yochepa, ndiye nkhuni zimachokera kutali ndipo ziyenera kugwiritsidwa ntchito mosamala. Kuphika nakonso kumasintha. Pamtunda wotere madzi amawira asanatenthe kwenikweni, cha pa madigiri 93, ndipo zakudya zolimba zimachedwa kupsa. Ulendo wathu woyamba tinanyamula nyemba zouma poganiza kuti n'zotsika mtengo ndiponso zopatsa mphamvu. Mlonda atazitsegula anaseka, n'kutiuza mwaulemu kuti mwina tidzadya mawa lake. Tinaumirira, tinawotcha nkhuni zimene zikanatha masiku awiri, ndipo 9 koloko usiku tinadya nsima ndi msuzi wa nyembazo, zokhazo zikadali gwa. Nyamulani usipa, soya, mazira owiritsa, mpunga, chiponde, mbatata, ufa wa phala ndi shuga wokwanira, ndipo ngati nyemba simungazisiye, ziphikiretu kunyumba. Muwerengerenso chakudya cha gaidi ndi onyamula katundu. Mugwirizane musananyamuke ngati adzadya nanu kapena adzaphika zawo, ndipo muonetsetse kuti ali ndi zofunda ndi malo pafupi ndi moto, chifukwa chisanu sichisankha wolipira ndi wolipidwa.

Zoopsa: Dzina lakuti Sapitwa likunena lokha, ndipo anthu okhala m'munsi mwa phirili amalemekeza malowa ngati a mizimu ya makolo. Ulemu umenewu ndi mbali ya zimene zinachititsa kuti UNESCO iike phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025. Kaya inu mumakhulupirira zotani, njira yake ndi yovuta: miyala yosalala yotsetsereka, matanthwe akuluakulu amene mumadutsa pansi pake chokwawa, ndi mipata imene munthu amavula chikwama kuti akwanemo. Zizindikiro za penti zili pamiyala, koma m'nkhungu sizioneka. Mu Julayi 2009 mlendo wina wachinyamata wochokera ku Brazil anapitiriza yekha ulendo wa pansonga, nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita milungu yoposa iwiri. Foni imagwira malo ena okha, ndipo munthu akathyoka mwendo kumtunda kuno amanyamulidwa ndi anthu pamachira kwa maola ambiri asanafike pamsewu wopita kuchipatala. Gulu ligwirizane nthawi yobwerera lisananyamuke, mwachitsanzo kuti ikakwana 11 koloko musanafike pansonga mubwerera, ndipo gaidi akanena kuti lero sikwabwino, mawu ake akhale omaliza.

Sombani Hut, kudzera ku Fort Lister

Mtengo: Masiku ndi awiri okha ngati ku Chambe, koma galimoto imadya ndalama zambiri chifukwa muyenera kuzungulira phiri mpaka ku Phalombe, kenako kukwera msewu wafumbi wopita pampata wa Fort Lister, pakati pa Mulanje ndi phiri la Michesi. Minibasi yodzaza anthu ndi zikwama ingavutike pamsewu umenewu, ndiye funsani za mmene ulili musanabwereke galimoto.

Kapezekedwe: Kukwera kwake ndi kwa maola pafupifupi atatu, ndipo popeza mumayambira pamalo okwera kale, anthu ambiri amaiona yopepukirapo. Alendo kuno ndi ochepa, kotero mwayi wokhala nokha m'nyumba ndi waukulu, koma nyumbayo ndi yaing'ono, yoyenera gulu la anthu osapitirira asanu ndi atatu kapena khumi. Magaidi ndi onyamula katundu a mbali imeneyi ali ndi dongosolo lawo, ndipo ndi mwambo wabwino kulemba anthu a komweko m'malo mobwera ndi gulu lonse kuchokera ku Likhubula. Okonda mbiri angaone mabwinja a linga limene Angerezi anamanga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo imene inkadutsa pampatawu.

Kusamalira: N'chimodzimodzi ndi nyumba zina za Forestry, kungoti kanyumba kakang'ono kamafunda msanga ndi moto wochepa. Zogula zonse mumalizire ku Chitakale kapena ku Phalombe.

Zoopsa: Mbali imeneyi ndi youmirapo poyerekeza ndi ya Lichenya, koma chiperoni champhamvu chimafikabe. Nsonga ya Namasile, ya mamita 2,687, ili pafupi ndipo imafuna kukwawa pamiyala, choncho imafunanso gaidi ndi nyengo yabwino. Dera la Phalombe ndi lodziwika ndi napolo, kuyambira wa mu 1991 mpaka namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anagumula nthaka ndi miyala m'malo ambiri a Mulanje ndi Phalombe. M'nyengo yachisanu napolo si woopsa, koma zipsera zake zilipo, ndipo njira zina zinasintha. Munthu amene anayendako zimenezi zisanachitike asadzitenge ngati akuidziwabe njira.

Kugona m'munsi ku Likhubula

Mtengo: Bedi la m'nyumba ya alendo ndi lodula kuposa kugona pansi m'nyumba ya Forestry, koma simulipira onyamula katundu, simubwereka zofunda, ndipo gaidi mumamulemba tsiku limodzi kapena awiri. Mukawerengera zonse, kusiyana kwake sikukhala kwakukulu monga anthu amaganizira.

Kapezekedwe: Ku Likhubula kuli malo ogona a mpingo wa CCAP ndi ena, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera ku Chitakale, ndipo mumalembetsa pafoni. Kuchokera pamenepo Dziwe la Nkhalamba lili pa ulendo wa ola limodzi lokha, ndipo amphamvu angathe kukwera Skyline m'mawa, kudya nkhomaliro m'chigwa cha Chambe, n'kutsikira Chapaluka dzuwa lisanalowe.

Kusamalira: Palibe chimene chimafunika kwa inu kupatula kusunga nthawi ndi kutsika ndi zinyalala zanu.

Zoopsa: Choopsa chachikulu n'kupeputsa. Anthu akadziwa kuti agona pabedi amanyamuka mochedwa, opanda tochi ndi jekete. Chachiwiri ndi madzi a padziwe, amene m'miyezi imeneyi amazizira kwambiri moti amatha kumanga thupi ngakhale la munthu wodziwa kusambira, ndipo dziwelo ndi lakuya. Chimene mumataya posankha njira imeneyi ndi usiku wa pamwamba, nyenyezi zikuoneka ngati mungazigwire, anthu atazungulira moto chikho cha tiyi chili m'manja, ndipo kwa ambiri a ife chimenecho ndicho chifukwa chenicheni chopitira.

Ndani apite kuti

Ngati gulu lanu lili ndi anthu ambiri amene sanagonepo m'phiri, ndipo muli ndi Loweruka ndi Lamulungu lokha, pitani ku Chambe, mukwerere Chapaluka n'kutsikira Skyline ngati mawondo alola, ndipo nsonga ya Chambe muisiyire ochepa ozolowera, nyengo ikakhala youma. Pewani wikendi ya mpikisano ndi ya 6 Julayi pokhapokha ngati simudandaula kugona mothithikana ndi anthu osawadziwa.

Ngati muli anthu khumi ndi asanu kapena kuposerapo, Lichenya Hut ndiyo ingakulandireni, malinga aliyense ali ndi chovala chosalowa madzi ndipo simuchoka panyumba popanda gaidi. Gulu la mumpingo kapena la mabanja, limene likufuna kutsimikiza za malo lisananyamuke, lilembetse nyumba ya CCAP msanga, mwezi wathunthu pasadakhale ngati n'kotheka.

Chisepo ndi ya gulu laling'ono, la anthu amene anayendapo limodzi ndipo akudziwana mphamvu, amene apeza masiku atatu athunthu, ndipo avomerezana kuti akhoza kufika mpaka panyumbapo n'kubwerera osaponda pa Sapitwa chifukwa cha nkhungu. Gulu limene lapitako kale ku Chambe ndi ku Lichenya kangapo, lili ndi galimoto yolimba ndipo likufuna bata, liyese Sombani.

Ngati m'gulu muli ana aang'ono, achikulire, munthu wodwala mphumu kapena mtima, kapena ngati sabata imeneyo ku Thyolo ndi ku Mulanje kwagwa kale chiperoni ndipo phiri silikuoneka muli pa Chitakale, gonani ku Likhubula. Mukadzuka Loweruka kutayera, amphamvu akwere ku Chambe n'kubwerera madzulo, ena apite ku Dziwe la Nkhalamba, ndipo ndalama za onyamula katundu zimene zatsala muzisunge kuti zidzagwire ntchito pa ulendo wa mu Ogasiti.